Msinkhu woyendetsera galimoto ndi ngozi zapamsewu: mafunso ndi mayankho

Kodi munthu amaloledwa kuyendetsa galimoto akakwanitsa zaka zingati?

Zimatengera dziko. M'mayiko ambiri, kuphatikizapo Japan, China, India, Brazil, Sweden ndi South Africa, laisensi ya galimoto yaing'ono imaperekedwa munthu akakwanitsa zaka 18. Ku Britain ndi zaka 17, ndipo dziko la France nalo linatsitsa msinkhuwu kufika pa 17 kuyambira pa 1 January 2024. Ku America chigawo chilichonse chili ndi lamulo lake: ku South Dakota mwana wa zaka 14 amatha kuyamba kuphunzira, pomwe ku New Jersey sangayendetse yekha asanakwanitse zaka 17.

Musasokoneze zinthu ziwiri. Pali msinkhu woyambira kuphunzira, pali msinkhu woyendetsa muli nokhanokha m'galimoto. Ku South Africa chiphaso cha wophunzira chimaperekedwa pa zaka 17, koma laisensi yeniyeni pa 18. Ku Sweden mpatawu ndi wa zaka ziwiri, kuyambira pa 16 kukafika pa 18. Chifukwa chake mpatawu uli wofunika chalongosoledwa pa funso la laisensi ya magawomagawo.

Mwana wanga ali ndi zaka 14 koma amayendetsa bwino kuposa akuluakulu ena. Bwanji lamulo limangoyang'ana zaka?

Mwina mukunena zoona. Kusintha magiya, kubwerera m'mbuyo, kuimika galimoto pamalo opanikizika, zonsezi mwana wochangamuka amazidziwa pakangopita masabata ochepa, nthawi zina msanga kuposa bambo ake. Koma zimene zimapha anthu pamsewu si kulephera kusintha giya.

Taganizirani basi yaima m'mbali mwa msewu ndipo anthu akutsika. Dalaivala wozolowera amachotseratu phazi pa mafuta asanaone chilichonse, maso ali pansi pa basiyo kufufuza miyendo ya munthu amene angatulukire kutsogolo kwake. Sanaganize n'komwe, thupi langochita. Wongoyamba kumene amaona basi yoima basi, ndipo maso ake amakhala pa mamita ochepa a msewu umene uli patsogolo pa galimoto yake. Akamadzaona munthu uja, nthawi yatha kale. Luso loona ngozi isanaoneke limabwera ndi maola ambirimbiri apamsewu, ndipo palibe njira yachidule.

Chachiwiri ndi ubongo. Mbali yakutsogolo ya ubongo, imene imathandiza munthu kudziletsa ndi kuganizira zotsatira za zochita zake, imapitiriza kukhwima mpaka cha m'ma zaka 25. Mbali imene imakonda zosangalatsa ndi kutamandidwa ndi anzako imakhwima msanga. Choncho wachinyamata akhoza kudziwa bwinobwino kuti kupitirira galimoto ina pakona n'koopsa, n'kuchitabe zomwezo chifukwa wina wamuseka kuti ndi wamantha.

Boma silingathe kuyeza kukhwima maganizo kwa mwana aliyense payekha, ndiye limangoika malire pa zaka. Malirewo amapondereza ana ena odekha n'kulola akuluakulu ena osasamala, zimenezo n'zosakanika. Komabe njirayi ndi yakale ndithu: lamulo la ku Britain la 1903, limene linayambitsa malaisensi kumeneko, linaika zaka 17 kwa oyendetsa galimoto, ndipo chiwerengerocho sichinasinthe mpaka lero.

Kodi n'zoona kuti achinyamata ndi amene amachita ngozi kwambiri, kapena n'kungowanamizira?

N'zoona. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse, ndipo ngozizi ndi zimene zimapha kwambiri anthu a zaka zapakati pa 5 ndi 29 kuposa matenda alionse. Si onse amene amafa ali pachiwongolero ayi. Oposa theka ndi oyenda pansi ndi okwera njinga zakapalasa kapena zamoto.

Za madalaivala okha, ziwerengero za ku America zimaonetsa kuti tikayerekezera mtunda umene ayenda, a zaka 16 mpaka 19 amapezeka m'ngozi zakupha kuwirikiza pafupifupi katatu kuposa a zaka 20 kupita m'tsogolo. Amuna ndi amene amafa kwambiri, kuwirikiza katatu kuposa akazi. N'chifukwa chake makampani a inshuwalansi amalipiritsa achinyamata ndalama zambiri. Iwo sadana ndi achinyamata, amangowerengera zimene amalipira chaka ndi chaka.

Ndiye vuto ndi ubwana kapena kusazolowera?

Zonse ziwiri, ndipo zikakumana mwa munthu mmodzi m'pamene pamaipa. Munthu wotenga laisensi ali ndi zaka 30 nayenso amachita ngozi kawirikawiri m'miyezi yake yoyamba kuposa mnzake wa msinkhu womwewo amene wayendetsa kwa zaka khumi. Koma ngozi zake sizichuluka ngati za wongoyamba kumene wa zaka 17.

Chimene ofufuza apeza m'mayiko osiyanasiyana n'chakuti nthawi yoopsa kwambiri si yophunzira ayi. Wophunzira ali ndi munthu wamkulu pambali pake sachita ngozi kawirikawiri. Ngozi zimakwera mwadzidzidzi munthu akangokhoza mayeso n'kuyamba kuyenda yekha, kenaka zimatsika mofulumira m'miyezi isanu ndi umodzi mpaka chaka choyamba. Tsiku limene banja likusangalala kuti mwana wapata laisensi ndi tsiku lomwelo limene mwanayo walowa m'miyezi yoopsa kwambiri pa moyo wake wonse woyendetsa galimoto.

Kodi laisensi ya magawomagawo ndi chiyani?

Ndi njira yopereka ufulu woyendetsa pang'onopang'ono m'malo moupereka wonse tsiku limodzi. Dziko loyamba kuikhazikitsa m'dziko lonse linali New Zealand mu 1987. Chigawo cha Ontario ku Canada chinatsatira mu 1994, Florida mu 1996, ndipo lero zigawo zonse za America zili ndi mtundu wake wa lamuloli.

Kawirikawiri magawo amakhala atatu. Poyamba munthu amayendetsa ali ndi womuyang'anira nthawi zonse. Ku Victoria, m'dziko la Australia, wophunzira wosakwana zaka 21 amayenera kukwanitsa maola 120 otere, 20 mwa maolawo ausiku, ndipo amalembedwa. Gawo lachiwiri amayenda yekha koma ndi zoletsa: ku New Zealand sayendetsa yekha kuyambira 10 koloko usiku mpaka 5 koloko m'mawa, ndipo sanyamula anthu wamba popanda womuyang'anira. Gawo lachitatu ndi laisensi yathunthu.

Mayiko a ku Ulaya anatsata njira yofananako. Mu 1993 Sweden inatsitsa msinkhu woyambira kuphunzira kuchoka pa zaka 17 ndi theka kufika pa 16, koma wopatira laisensi unakhalabe pa 18. Achinyamata amene anagwiritsa ntchito nthawi yowonjezerayi anachita ngozi zochepa atayamba kuyenda okha. Ku Germany wachinyamata wa zaka 17 akakhoza mayeso amayendetsa ali ndi munthu wa zaka zosachepera 30 amene wakhala ndi laisensi kwa zaka zisanu, mpaka atakwanitsa 18. Ku France dalaivala watsopano amamata chilembo cha A kumbuyo kwa galimoto, ndipo pa misewu ikuluikulu imene ena amathamanga makilomita 130 pa ola, iye sapitirira 110. Ku Britain dalaivala watsopano akalakwa n'kupatsidwa mapointi 6 a chilango m'zaka ziwiri zoyambirira, laisensi imalandidwa ndipo amakayambiranso mayeso.

N'chifukwa chiyani amawaletsa kuyenda usiku ndi kunyamula anzawo?

Usiku maso saona patali, thupi limakhala litatopa, ndipo pamsewu pamachuluka anthu amene amwa. Maulendo ausiku a achinyamata nthawi zambiri sakhala opita kuntchito, amakhala ochokera kokasangalala.

Nkhani ya anzawo ndi yochititsa chidwi. Dalaivala wachinyamata akanyamula mnzake wa msinkhu wake chiopsezo cha ngozi yakupha chimakwera, akanyamula awiri chimakweranso, atatu ndiye kwambiri. Koma akanyamula munthu wachikulire chiopsezocho chimatsika. Galimoto ndi yomweyo, msewu womwewo. Kusiyana n'kwakuti anzake aja amamuyankhulitsa, amamuonetsa zinthu pafoni, amakweza nyimbo, ndipo ngakhale atakhala chete, kungodziwa kuti akumuona kumamupangitsa kufuna kudzionetsera. Ngozi ikachitika pakhoza kufa achinyamata anayi kapena asanu nthawi imodzi.

Bwanji osangokweza msinkhu kufika pa zaka 21 kuti nkhani ithe?

Kukweza msinkhu kumathandizadi, makamaka kumene uli wotsika kwambiri. New Zealand inakweza wake kuchoka pa 15 kufika pa 16 mu 2011. Koma kukweza kokha sikuchotsa miyezi yoopsa ija, kumangoisunthira m'tsogolo, chifukwa wa zaka 21 amene sanagwirepo chiwongolero ndi wosazolowera ndithu. Komanso achinyamata ambiri a zaka 18 ali pantchito, ena ali pabanja. Mukawaletsa galimoto sakhala pakhomo, amakwera njinga yamoto, imene ndi yoopsa kuposa galimoto, kapena amayendetsa mozemba opanda laisensi.

Kwa ine funso la zaka limatenga malo aakulu kuposa amene liyenera kutenga. Wa zaka 18 amene wayendetsa maola 120 ali ndi womuyang'anira, usana ndi usiku, pamvula ndi padzuwa, n'ngodalirika kuposa wa zaka 21 amene wazungulira pabwalo kwa masabata awiri n'kukhoza mayeso.

Nanga njinga yamoto? Bwanji ena amaloledwa ali aang'ono?

Mayiko ambiri amalola njinga zazing'ono pa zaka 16: ku South Africa za injini yosapitirira 125cc kukula kwake, ku India tinjinga tating'ono kwambiri. Maganizo ake ndi akuti njinga yopanda mphamvu sithamanga kwambiri ndipo singavulaze anthu ena ngati galimoto. Malamulo a European Union amakweza woyendetsa makwerero: njinga ya 125cc pa zaka 16, yamphamvu zapakati pa 18, ndipo yaikulu kwambiri pa 24, kapena pa 20 ngati wayendetsa yapakatiyo kwa zaka ziwiri.

Kuti lamulo lalola sizikutanthauza kuti njinga ndi yosaopsa. Pa njinga palibe chitsulo chokutchingani, palibe lamba. A WHO amati chipewa chabwino chovalidwa moyenera chimachepetsa chiopsezo cha imfa kuposa kasanu ndi kamodzi, ndi cha kuvulala ubongo mpaka ndi 74 peresenti. Chipewa chosamanga chingwe chapachibwano chimauluka mutu usanafike pansi.

Kodi malole ndi mabasi ali ndi msinkhu wake?

Inde, ndipo ndi wokwererapo. M'malamulo a European Union lole yaikulu ndi zaka 21 ndipo basi ndi 24, ngakhale kuti amene achita maphunziro apadera a ntchitoyi amaloledwa msanga. Ku America, kuyendetsa lole yamalonda kuchoka m'chigawo china kupita m'chigawo china kumafuna zaka 21. Lole yodzaza katundu imatenga mtunda wautali kuti iime, ndipo dalaivala wa basi akalakwitsa, amalakwitsira anthu makumi angapo.

Bwanji malamulo a mowa amakhwimirapo kwa achinyamata?

Chifukwa mowa wochepa umene dalaivala wozolowera angayende nawo n'kufika mwamwayi umamusokoneza kwambiri munthu amene maganizo ake onse akadali pa kalachi ndi magalasi. A WHO amalimbikitsa kuti malire a anthu onse asapitirire magalamu 0.05 a mowa pa mamililita 100 a magazi, ndipo a madalaivala achinyamata ndi atsopano asapitirire 0.02. Ku Germany, kuyambira mu 2007, wosakwana zaka 21 kapena amene ali m'zaka ziwiri zoyeserera saloledwa kumwa ngakhale pang'ono asanayendetse. Ku New Zealand lamulo lotere limakhudza osakwana zaka 20.

Khofi, madzi ozizira kapena kusamba sizichotsa mowa m'magazi. Chiwindi chimauchotsa pa nthawi yake, choncho amene wamwa mpaka pakati pa usiku akhoza kukhala nawobe m'thupi m'mawa.

Kodi kholo lingaphunzitse mwana wake? Liziyang'ana chiyani?

M'mayiko ambiri zimaloledwa malinga mwanayo akhale ndi chiphaso cha wophunzira, galimoto ikhale ndi chizindikiro choyenera ndi inshuwalansi, ndipo wophunzitsayo akwanitse zimene lamulo likufuna. Ku Britain wophunzitsayo ayenera kukhala woposa zaka 21 ndipo wakhala ndi laisensi kwa zaka zitatu. Kwina amalola aphunzitsi ovomerezeka okha, choncho yambani mwafunsa ku ofesi yopereka malaisensi.

Sukulu yophunzitsa kuyendetsa imaphunzitsa malamulo ndi kagwiridwe ka galimoto. Chimene kholo lingapereke ndi maola. Musamangobwereza msewu umodzi wodziwika. Mutengereni kumphambano zodzaza, kumisewu yothamanga, pamvula, madzulo dzuwa likuthobwa m'maso. Njira imodzi yothandiza ndi kumuuza kuti azinena mokweza zimene akuona: "Galimoto yofiira ija mawilo ake apotoka, ikufuna kutuluka. Wanjinga uyu wacheuka, mwina akhota." Mukamamvetsera mudzadziwa zimene sakuona, ndipo n'zimenezo zofunika kumuphunzitsa.

Pa nkhani ya liwiro ndi foni, masamu amagwira mtima kuposa kukalipa. Galimoto yoyenda makilomita 100 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 28 pa sekondi iliyonse. Kuyang'ana uthenga pafoni kwa masekondi awiri ndi kuyenda mamita 56 muli chitsinzinire. Mukawirikiza liwiro kawiri, mtunda umene mabuleki amafuna kuti aimitse galimoto umawirikiza kanayi. A WHO amati wogwiritsa ntchito foni akuyendetsa ali pachiopsezo cha ngozi kuwirikiza pafupifupi kanayi, ndipo kuyankhula osaigwira m'manja sikuchepetsa vutoli kwenikweni. Dziwaninso kuti mwanayo wakhala akukuonani mukuyendetsa kuyambira ali wamng'ono. Ngati inu simumanga lamba, phunziro limenelo analitenga kale.

Mwana wosakwana msinkhu akagwidwa akuyendetsa, mlandu ndi wa ndani?

Nthawi zambiri ndi wa onse awiri, mwanayo ndi amene anam'patsa makiyi. Kulola munthu wopanda laisensi kuyendetsa galimoto yanu ndi mlandu pawokha pafupifupi m'dziko lililonse. India inakhwimitsa lamuloli mu 2019: kholo kapena mwini galimoto akhoza kulipa chindapusa cha marupi 25,000 ndi kukhala m'ndende mpaka zaka zitatu, galimoto imachotsedwa m'kaundula kwa miyezi 12, ndipo mwanayo sapatsidwa laisensi mpaka atakwanitsa zaka 25.

Chimene ambiri amaiwala ndi inshuwalansi. Ngozi ikachitika woyendetsa alibe laisensi, kampani ikhoza kukana kulipira galimoto yanu, ndipo kumene lamulo limaikakamiza kulipira ovulazidwa, ikhoza kudzakulondolani kuti mubweze ndalamazo.

Ndili ndi laisensi koma ndili ndi zaka 17. Kodi ndingayendetse kudziko lina?

Osadalira zimenezo. Pangano la Vienna la 1968 lokhudza zapamsewu limalola dziko kukana laisensi ya mlendo wosakwana zaka 18, ndiponso ya wosakwana 21 ngati ndi ya lole kapena basi. Makampani obwereketsa magalimoto ali ndi malamulo awoawo: ambiri amafuna zaka 21 ndipo amaonjezera mtengo kwa osakwana 25.

Kodi pali msinkhu umene munthu ayenera kusiyira kuyendetsa?

Mayiko ambiri saika chaka chakuti apa basi, koma amayamba kuyang'anitsitsa. Ku Britain laisensi imakonzedwanso pa zaka 70, kenaka zaka zitatu zilizonse. Ku Italy nthawi yokonzetsa imafupika munthu akamakula, mpaka kufika pa zaka ziwiri zilizonse kwa opitirira 80. Ku Japan a zaka 75 kupita m'tsogolo amayesedwa ngati mutu ukugwirabe bwino. Mu April 2019 ku Ikebukuro mumzinda wa Tokyo, dalaivala wa zaka 87 anagunda anthu n'kupha mayi wina ndi mwana wake wamkazi, ndipo kuyambira mu May 2022 okalamba amene anaphwanyapo malamulo ena amayesedwanso kuyendetsa kwenikweniko.

Komabe okalamba asaweruzidwe ngati achinyamata. Ambiri amadziletsa okha: sathamanga, sayenda usiku, amamanga lamba. Chimene chimachulukitsa imfa pakati pawo ndi kufooka kwa thupi. Ngozi imene wa zaka 30 angatuluke ndi mikwingwirima imamuthyola nthiti wa zaka 80. Zolakwitsa zawo zimachitika kwambiri pamphambano, pamene munthu ayenera kuyang'ana mbali zingapo ndi kuyerekezera liwiro la galimoto yobwera.

Tingadziwe bwanji kuti bambo athu okalamba afika posiya, ndipo tiwauze bwanji?

Yang'anani zochita, osati zaka. Galimoto yayamba kukhala ndi mikwasa yatsopano imene iwo sakukumbuka kumene inachokera. Amasochera m'njira imene aidziwa kwa zaka zambiri. Amadabwa ndi galimoto imene "yangotulukira". Amasokoneza mabuleki ndi mafuta. Magetsi a magalimoto obwera amawathobwa kwa nthawi yaitali. Madalaivala ena amangowaimbira hutala.

Musathamangire kulanda makiyi. Zina mwa zimenezi zimachizika: ng'ala imachotsedwa, magalasi amasinthidwa, ndipo mankhwala ena ogonetsa kapena ochititsa chizungulire dokotala akhoza kuwasintha. Yambani ndi kuwaperekeza kukayezetsa maso. Muyezo wa ku Britain ndi wosavuta kuuyesa panja: kuwerenga nambala ya galimoto ili pa mtunda wa mamita 20.

Kwa munthu amene wayendetsa zaka makumi asanu, makiyi ndi ulemu wake, ndipo kuwalandidwa ndi mwana amene iye anamuphunzitsa kumapweteka. Mawu akuti "Bambo, mwakalamba" amatseka makutu. Ndi bwino kutchula chimene mwaona: "Bambo, dzulo pamphambano paja galimoto ija simunaione, ine ndinachita mantha." Kenaka gwirizanani zosiya pang'onopang'ono, monga kuyenda masana okha ndi maulendo afupiafupi. Ndi laisensi ya magawomagawo ija, kungoti ikuyenda chobwerera. Koma ngati dokotala wapeza matenda oiwalaiwala amene afika patali, nkhani yokambirana imatha, ndipo banja liyenera kukonza amene aziwayendetsa.

Nanga ana okwera? Angakhale kutsogolo ali ndi zaka zingati?

Apa kutalika n'kofunika kuposa zaka, chifukwa lamba wa galimoto anapangidwira thupi la munthu wamkulu. Pa mwana wamfupi amadutsa pakhosi ndi pamimba m'malo mwa paphewa ndi m'chiuno, ndipo pangozi akhoza kumuvulaza mkati. Ku Britain mwana amakhala pa mpando wapadera mpaka atakwanitsa zaka 12 kapena kutalika masentimita 135. Ku Germany malirewo ndi masentimita 150. A WHO amati mipando ya ana imachepetsa imfa za makanda ndi 71 peresenti.

Malo abwino a mwana ndi mpando wakumbuyo. Mpando wa khanda woyang'ana kumbuyo usaikidwe kutsogolo ngati chikwama cha mpweya chimene chimafufuma pangozi (airbag) cha mbali imeneyo sichinazimitsidwe, chifukwa chikaphulika chimamenya pamene pali mutu wa mwanayo. Kumufukata pamiyendo nakonso sikumuteteza. Galimoto ikawomba chinthu pa liwiro la makilomita 50 pa ola, mwana amakankhidwira kutsogolo ndi mphamvu yoposa kulemera kwake maulendo ambirimbiri, ndipo palibe manja amene angamugwire.